Ndikakusiya kwa Adokotala

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinadzitema ndi khasu chala chachikulu chakuphazi, tikupalira chinangwa kwathu kufupi ndi Chiringa. Sindinalire. Ndinathirapo dothi, n'kumangapo kansanza, n'kukhala chete.

Chinanditseka pakamwa ndi mawu a amayi. Kwathu mwana akavuta, mankhwala ake anali amodzi: "Ndikakusiya kwa adokotala, akakubaye jakisoni!" Ukakana phala, jakisoni. Ukaswa mbale, jakisoni. Ndinakula ndikudziwa kuti kuchipatala n'kolangirako ana opulupudza, ndipo poti khasulo ndinkaliseweretsa, mlandu ndinali nawo kale.

Ndinabisa balalo sabata yathunthu. Chinandiulula ndi fungo, moti ntchentche zinkandilondola mpaka m'kalasi. Abambo anandikweza panjinga kupita nane kuchipatala, thupi likutentha, phazi litatupa ngati dzungu.

Adokotala anali bambo woonda, waimvi. Atangogwira mwendo, ndinawaluma pamkono mpaka magazi. Ndinadikira khofi, koma silinabwere. Anakhala pansi, pasimenti penipeni, n'kundifunsa chimene ndinkaopa.

"Ndalapa, musandibaye," ndinatero.

Adokotala anawayang'ana abambo, kenaka n'kubwerera kwa ine.

"Mphwanga, sindikunamiza, zipweteka. Koma si chilango. Ukafuna kuti ndiime, umenye tebuloli."

Ndinamenya kanayi, ndipo kanayi konse anaima. Koma chalacho chinali chitawola kale. Anatitumiza kuchipatala chachikulu, kumene anakachidula. Akuti ndikanafika tsiku lomwelo, akanangosoka basi.

Lero anthu amati ndili ndi mtima wapachala, ndipo sanama, ngakhale chalacho ndilibe. Ndinamukalipirapo mayi wosam'dziwa muminibasi pa Migowi chifukwa choopseza mwana ndi jakisoni, mpaka kondakitala anandiuza kuti nditsike. Koma mwezi wathawu Tadala, mwana wanga wazaka zisanu, anakana kusamba ine nditatopa, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakutuluka: "Ndikakusiya kwa adokotala!"

Nthawi yomweyo analowa m'beseni.

Kumvera kumeneko n'kumene kunandiopsa, chifukwa kumvera kotere ndimakudziwa. Mwana woopsezedwa ndi dokotala sasiya kupulupudza, amangophunzira kubisa bala. Ndinavula nsapato, ndinamuonetsa pamene panali chala, n'kumuuza kuti ndanama, adokotala salanga munthu. Anagwedeza mutu movomera, koma sindikudziwa kuti mwa mawu anga awiriwo wasunga ati.

Akamachokera kosewera, ndimayamba ndamuyang'ana mapazi.