Asodzi andiphonyetsa ukwati wa Esinati

Mwaswera ana anga ndi adzukulu nonse. Ine ndiye ndapsa mtima.

Zaka zonsezi ndimayesa anyamata osodza amadzaza pakhonde panga chifukwa chokonda nthabwala zanga. Uchitsiru wanga!

Lero mdzukulu wathu Esinati amakwatiwa ku Joni, mwambo ukuonetsedwa pa intaneti. Ndinaitana anzanga ampingo kudzaonera pa TV munanditumizira ija. Abusa atangofunsa kuti "Kodi ukulola?", chithunzi chinauma. Esinati kukamwa yasa, kamkombero kakungozungulira pamphuno pake. Mpaka pano sindikudziwa ngati walola.

Ndazimitsa, ndayatsanso, ndafufuta timasewera tonse munadzazamo adzukulu inu, koma ayi ndithu. Kenako aphunzitsi a Nyirenda angondilozera pakhonde. Asodzi ali phee, aliyense maso pafoni, akuonera mpira pa wayifayi yanga! Nditawapirikitsa TV yayamba kuthamanga, koma tapeza anthu akudula kale keke.

Ndisinthe pasiwedi, kapena ndizingowathira madzi? Tandiuzani.

Madzulo ano ndafunsa kuti anawapatsa pasiwediyo ndani. Mayi anu osachita n'komwe manyazi: "Ndine. Sinthani, koma kuyambira mawa muzidya chisoso. Mumayesa chambo chimabwera chokha pakhomo pano?"