Buku Limene Ndinalinyoza Mpaka Linakulunga Zitumbuwa

Ine pogula chinthu sindichiyamikira. Ndimachinyoza kaye, ndichoke, mawa ndibwerenso mtengo utafewa. Nsapato ndimatero, nkhuku ndimatero, ndipo mwezi wathawu ndinatero ndi buku.

A Nyirenda amayala mabuku akale pakhonde la sitolo ina m'tauni muno. Pamulu wawo ndinapeza la mbiri ya amuna akumpoto kuno amene ankayenda wapansi kupita kumigodi ya ku Joni. Agogo anga aamuna anapita ulendo womwewo osabwerako. Ndinaliwerenga chiimire mpaka miyendo kuwawa, mtima uli phaphapha, koma nkhope nditaikwinya.

"Ada, ili ndi bodza lokhalokha," ndinatero ndikuliponya pamulu paja. "Wolembayu ngakhale pa Ekwendeni sanafikepo. Bola kuonera filimu."

"Yewo chomene pondiuza," anatero a Nyirenda. "Ine sindiwerenga, ndimangogulitsa."

Ndinapita kwathu ku Msongwe ndikudzitama. M'mawa mwake ndinabwerera, ndikuyenda ngati wongodutsa. Buku panalibe.

"Labodza lija?" anatero a Nyirenda ataona ndikufunafuna pamulu paja. "Ndawapatsa amayi a zitumbuwa awo kuti azikulungira. Ndingawagulitse bwanji bodza ana asukulu?"

Chondichititsa manyazi n'chakuti m'malo moulula, ndinagwedeza mutu n'kunena kuti, "Mwachita bwino, ada."

Kenako ndinazembera kwa amayiwo n'kugula zitumbuwa zimene sindinkazifuna, osanenerera n'komwe. Anandikulungira m'pepala la buku lija lonona mafuta, ndipo ndinaliwerengera pomwepo. Amuna aja anali atangofika pamtsinje wodzaza, akufunafuna powolokera. Nditapempha masamba otsatira, amayiwo anandiyang'ana modabwa n'kundiuza kuti anapita kale ndi makondakitala a minibasi.