Wogwira Chingwe

Akazi anga anali telala. Makina awo osokera akadali pomwe anawasiya, pafupi ndi zenera loyang'ana ku phiri la Ntchisi. M'kadirowa ka makinawo, momwe ankasungamo mabatani ndi choko, muli kadayisi koyera ka madontho akuda. Anzanga a ku tchalitchi atakaona angadabwe, pakuti ndakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri ndipo pakhomo panga sipanalowepo ngakhale makhadi.

Kadayisiko kanabwera ndi mwana wathu wamkazi. Iye amaphunzitsa kompyuta ku Dzaleka, ndipo chaka chomwe mtima wa mayi ake unayamba kufooka anatenga tchuthi chachitali kudzatithandiza. Nthawi imeneyo akazi anga anali atasiya kusoka, chifukwa kupalasa makina kunkawabanikitsa. Ankangokhala pakhonde tsiku lonse, manja ali pamwendo. Zimenezi zinkawapweteka kuposa matendawo.

Masewera a kadayisiko mwana wathu anawaphunzira kwa anzake a kuntchito, ndipo anawalemba m'Chichewa m'kope la sukulu. Mmodzi amafotokoza nkhani ya zaka za kutsogolo kwambiri, pamene anthu adzakhale akuyenda pakati pa nyenyezi m'zombo zachitsulo. Enawo aliyense amatenga munthu wake m'nkhanimo n'kumanena zomwe munthuyo achite. Pakafika povuta amaponya dayisi, ndipo madontho ndi omwe amanena ngati zatheka.

Aliyense amakhala ndi pepala la zida zake. Ndikukumbukira masana oyamba, mwana wathu akuwerengera mayi ake pepalalo.

"Kunja kwa chombo kulibe mpweya, amayi. Ndiye mumavala chovala chotseka thupi lonse. Kumutu chipewa chagalasi, kumsana thanki ya mpweya, kuphazi nsapato za maginito zoti muzimamatira pa chitsulo, ndi wailesi yolankhulira ndi otsala m'kati. Kuwonjezera apo munganyamule zinthu zinayi zokha."

"Zipi yake ili kuti?"

"Kumbuyo."

"Ndiye anasoka ndi mwamuna. Munthu uli wekha, wavala magolovesi, zipi ya kumbuyo uitseka bwanji?"

Zipi inasamutsidwira kutsogolo tsiku lomwelo. Pa zinthu zinayi zija anasankha singano, ulusi, zigamba ndi sizasi. Mwana wathu anati singano ingaboole chovala.

"Singano siboola," anayankha. "Amaboola ndi munthu wosadziwa kusoka."

Mlamu wanga, mng'ono wa akazi anga, amene amakhala kuseri kwa munda wathu, anapatsidwa ntchito yoyendetsa chombo. Panatsala malo amodzi. Munthu akatuluka kunja amamangidwa chingwe m'chiuno, ndipo pamafunika wina wotsala pakhomo la chombo, wogwira chingwecho ndi kumukokera m'kati mpweya usanamuthere.

"Bambo, ntchito yanu ilipo," anatero akazi anga. "Simuthamanga, simudumpha. Mungokhala pakhomo n'kugwira chingwe."

Ndinati ndiganize kaye. Chomwe chinkandivuta chinali dayisi. Ndinaonapo amuna akutha ndi juga m'nyengo yogulitsa fodya, ndipo ngakhale apa panalibe kubetcha, dzanja langa linkakana. Sindinawaletse. Ndinkakhala kumapeto kwa khonde ndikusenda mtedza, makutu ali kwa iwo. Ndinamva akazi anga akukangana ndi mng'ono wawo kuti wakhotetsa chombo ngati ngolo ya ng'ombe zosaphunzira. Ndinawaona atayala nyuzipepala zakale pamphasa, akudula patani ya chovala chija, yokwanira munthu wamkulu, matumba ake ali pachifuwa poti dzanja lifike msanga. Miyezi yambiri inali itapita ndisanaone sizasi m'manja mwawo.

Pachikuto cha kope lija mwana wathu analemba kuti Ulendo wa Kumwamba. Akanatha kulemba kuti wa mumlengalenga, koma anati mawuwo ndi aatali. Tonse pakhomo tinazolowera kutchula choncho osaganiza kanthu.

Tsiku lina mlamu wanga anakumana ndi mayi wina wa mumpingo mwathu pa mjigo. Atafunsidwa chomwe akufulumirira, anayankha kuti akukathandiza akulu ake kumaliza chovala cha kumwamba. Mayiyo sanafunsenso zambiri. Aliyense ankadziwa kuti pakhomo pathu pali matenda.

Mawa lake masana tinamva nyimbo ikutsika ndi njira ya kusukulu. Anali amayi a mpingo, atavala mabulauzi awo oyera ndi maduku, akuyimba chapansipansi monga amachitira popita kwa munthu amene watsala pang'ono. Anawapeza akazi anga atakhala pampando, nyuzipepala ili pamwendo, dayisi ali m'manja.

"Tamva kuti mwayamba kukonzekera, mayi," anatero wotsogolera. "Tabwera kudzakulimbikitsani."

Akazi anga anayang'ana mng'ono wawo, nayang'ana mabulauzi aja, kenaka anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Atapezako mpweya anati, "Kumwamba kwake si kumeneko, anzanga. Kumene tikupita ifeku n'kwa thanki kumsana. Kwinako ndidzavala bulauzi ngati yanuyo, ndinasita kale."

Ena anaseka nawo, ena ayi. Anapemphera, tinawathokoza. Koma asanatuluke, wotsogolera uja anayang'ana dayisi, kenaka anayang'ana ine.

Alendo atapita ndinati, "Tayambani mwaimitsa masewerawa, ndiyione bwino nkhaniyi."

Nkhani yawo inali itafika pamene kamwala kanaboola chombo. Munthu wa akazi anga anali atatuluka ndi zigamba zake kukatseka bowolo, ndipo mpweya wa m'thanki unali utatsala wokwanira kuponya katatu, mizere itatu yomwe mwana wathu anajambula m'kope. Chingwe ankagwirizira mlamu wanga, uku akuyendetsa chombo.

"Mwandisiya panja, bambo," anatero akazi anga.

"Sizitenga nthawi."

"Inu ndi nthawi ndimakudziwani. Kundifunsira kokha kunatenga mvula ziwiri."

Sanatsutsane nane kupyola apo. Anapinda nyuzipepala zija bwinobwino n'kuziika pansi pa makina, nabwerera pampando wawo, manja pamwendo.

Ndinatenga masabata atatu. Ndinapemphera, ndinawerenga malemba, ndinalingalira. Zoona zake n'zakuti sabata yoyamba isanathe ndinali nditadziwa kuti m'masewerawo mulibe tchimo. Masabata awiri enawo ndinawatha ndikuopa maso a mayi uja. Anthu amanditama kuti sindifulumira kuweruza, ndipo ndakhala ndikukhulupirira kuti imeneyi ndi mphatso. Apa sinali mphatso. Ndinkangochita manyazi.

Mvula yoyamba itagwa miyendo yawo inatupa kwambiri, ndipo kugona chagada kunakanika. Tinapeza galimoto yotitengera kuchipatala cha ku boma. Msewu unali woterera, ndipo pamtsetse wina tinatsika amuna tonse kukankha. Titafika anawaika pabedi, nawaveka kachipangizo ka pulasitiki kotseka mphuno ndi pakamwa, kolumikizidwa ndi paipi ku thanki ya mpweya. Anakakweza pang'ono ndi chala kuti alankhule.

"Chipewa chafika," anatero. "Koma thanki andiikira pambali. Uwauze, mwana wanga, kuti imakhala kumsana."

Tsiku lachitatu masana, nthawi yoona odwala, ndinafunsa mwana wathu ngati dayisi uja ali naye. Anamutulutsa m'chikwama pamodzi ndi kope. Sindikudziwa ngati ankayenda nazo masiku onsewo.

"Wogwira chingwe ayambe waitana pa wailesi, ababa, kenaka aponye. Madontho anayi kapena kuposa, ndiye kuti mwawakoka."

"Ndinene kuti chiyani?"

"Muwaitane basi."

Mu wodimo munali anthu ambiri, ena ondidziwa. Ndinawerama pafupi ndi khutu lawo.

"Mayi, bwererani. Mpweya ukutha."

"Ndamva," anayankha. "Chigamba ndinamaliza kalekale. Ndimangodikira inu."

Ndinaponyera pachivindikiro cha kontena yomwe tinabweretseramo phala. Mwana wathu anaphimba dayisi ndi dzanja mwachangu.

"Asanu."

Akazi anga anati, "Usanamize mkulu wa mpingo, iwe. Ndaona awiri."

Mwana wathu anafufuta mzere umodzi m'kope. Ndinaponyanso. Anatuluka atatu. Anafufutanso wina.

"Mwayandikira," anatero akazi anga. "Dzanja lanu n'losazolowera. Kotsalako mudzaponye mawa, ndatopa."

Anamwalira m'mawa mwake, mng'ono wawo akuwapukuta nkhope. Ine ndinali panja, ndikudikira kuti atitsegulire.

Amayi aja anawaveka bulauzi yoyera yomwe anasoka okha. Inalidi yositasita, yopindidwa m'pepala pansi pa sutikesi. Pamaliro wotsogolera uja anadzagwada pafupi nane, nati amukhululukire ngati kubwera kwawo tsiku lija kunasokoneza kanthu. Ndinamuuza kuti iwo anabwera ndi chikondi ndipo sanalakwe. Ndinanena zoona. Tsiku lija iye anangondiyang'ana, woimitsa masewerawo ndinali ine.

Patapita masiku mwana wathu anandipatsa pepala lomwe linali pakati pa kope. Linali pepala la zida za wogwira chingwe, lolembedwa ndi dzanja la akazi anga. Mwana wathu akuti analilemba sabata yoyamba ya masewerawo, ine ndikusenda mtedza chapomwepo. Chovala anachilemba ndi miyezo yanga yeniyeni, ya pachifuwa, ya m'chiuno ndi ya mkono, popeza ankaidziwa pamtima. Pansi pake panali zinthu zinayi zoti ndinyamule. Chingwe chapadera. Magalasi owerengera, omangidwa kamkuzi kuti asatayike. Mafuta opaka bondo. Chachinayi analemba kuti wotchi, ndipo pambali pake anawonjezera timawu tating'ono: ngakhale sayang'anapo.

Komwe akazi anga ali ndikukudziwa, ndipo sindisokoneza kumwamba kuwiriko. Chikhulupiriro changa sichinagwedezeke. Koma m'kope muja munthu wawo akadali kunja kwa chombo, chigamba atamaliza, chingwe chili m'chiuno, ndipo watsala mzere umodzi wosafufutidwa.

Mwana wathu anabwerera kuntchito. Amabwera kumapeto kwa mwezi, ndipo ulendo wina, tikumwa tiyi pakhonde, anandifunsa kuti, "Ababa, tiponye?" Anati ngakhale atatuluka ochepa, wofotokoza nkhani ali ndi njira zake zopulumutsira munthu. Ndinamukumbutsa kuti mayi ake sanafune kunamizidwa. Ndipo akatuluka anayi, ndiye kuti ndawakokera m'kati, pampando paja n'kukhalabe popanda munthu.

Ndinamuuza kuti ndiganize kaye. Sanaseke, ndipo sanafunsenso. Loweruka lililonse ndimapukuta fumbi pa makina, ndimathira timafuta pa gudumu monga ankachitira eni ake, kenaka ndimatsegula kadirowa kuona ngati kadayisi kalimo, n'kutsekanso.