Nkhalamba ya Litchowa pa Kanema wa a Twaibu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chodziwa kuwerenga timawu ta Chingerezi tolembedwa pa mabatani. Kunali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ine nditalekeza sukulu Fomu 2, ndikungothandiza mayi anga kuyanika usipa ku Chipoka. A Twaibu, amene kale ankakonza injini pa sitima ya pamadzi, anabwera ndi wailesi ya kanema ndi deki, makina oseweretsera matepi a kanema, kuchokera ku Zambia. Pa za injini panalibe wowaposa, koma maso anali atayamba kuwavuta. Malume anga, amene ankasewera nawo bawo, ndi amene anawauza za ine.

"Werenga apa," anatero a Twaibu akuloza batani. Ndinawerenga. "Ndiye kuti chiyani?"

"Kubweza m'mbuyo."

"Mawa ubwere utasamba m'manja. Deki sigwirizana ndi mamba a nsomba."

Achinyamata a lero mwina sangamvetse. Nthawi imeneyo dziko lathu linalibe nyumba youlutsira kanema. Munthu wa ku Chipoka akafuna kuona zithunzi zoyenda ankabwera kwa ife, m'nyumba yomwe kale inali sitolo, pafupi ndi siteshoni ya njanji. Munali mabenchi a matabwa, mawindo tinkatchinga ndi mabulangete kuti mude ngakhale masana. Jenereta inkakhala kuseri pa chingwe chachitali kuti isasokose, ndipo sipika imodzi tinaimangirira mu mtengo wa mango panja kuti izitiitanira anthu.

M'mawa uliwonse ndinkamasula chivundikiro cha deki ndi sikuludilaiva n'kupukuta mutu wake, kang'oma kasiliva kamene kamawerenga tepi. Popukuta tinkagwiritsa ntchito kansalu kosalala koviika mu sipiriti, osati thonje, chifukwa ulusi wa thonje umakola n'kuthyola timano ta pamutupo. Umagunditsa kansaluko pang'ono, chala china chikuzunguza kang'omako pang'onopang'ono. Chithunzi chikachita mizere, panali kagudumu kakang'ono kutsogolo kokonzera. Deki tinkaikhazika pa timatabwa kuti mphepo izidutsa pansi, poti ikatentha inkatafuna tepi. Ikatafuna, ndinkamasula kaseti, kudula potafunikapo ndi lezala, n'kulumikiza ndi selotepi yopyapyala kumbuyo kwake.

Lezala yomweyo inali ndi ntchito ina. Lamulo la nthawiyo silinkalola akazi kuvala mathalauza kapena siketi yoonetsa maondo, ndipo filimu inkayenera kuyamba yaonedwa ndi ofesi yowunika. Matepi a nyimbo za ku Zaire amene madalaivala a matiraki ankatibweretsera sanali atadutsa kumeneko. Choncho tepi yatsopano ikafika tinkatseka chitseko, awiriwiri, n'kuionera yonse. Pakaoneka ntchafu kapena anthu akupsompsonana, a Twaibu ankangoti, "Dula."

"Ntchafu ndi zimene zimamangitsa," ankatero. "Ukachotsa ntchafu wagona tulo."

Nyimbo tinkaziika poyamba, anthu akulowa, kenako filimu ya karate. Koma sipanapite nthawi ndinaona kuti ambiri ankabwerera nyimbozo. Mpando wanga unali pambali pa deki, choncho m'malo moona sikirini ndinkaona nkhope zawo. Asodzi ankayang'ana ziuno za ovina. Telala wina wa pakhonde la sitolo ankayang'ana makolala a majekete, ndipo sabata yotsatira umakumana nawo makolala omwewo pa msika. Anyamata oimba mabanjo a zigubu ankasunthira kutsogolo kutsata zala za woimba gitala. Amayi ogulitsa nsomba ankakambirana za tsitsi la ovinawo, kwinaku akuseka amuna awo momwe ayasamulira kukamwa. Chilingala panalibe ankachimva, ndiye aliyense ankaika mawu ake. Mdzukulu wanga amene anaphunzira zofalitsa nkhani anandiuza kuti kusukulu kwawo amatsutsana pa zimenezi: ena amati chithunzi chimalowa mwa munthu ngati jakisoni, ena amati munthu amatola yekha chimene akufuna. Ine nthawiyo sindinkadziwa kuti zili ndi maina. Ndinkangoona kuti tepi ndi imodzi koma potuluka anthu akusimba zosiyana.

Kenako kunabwera tepi ya nkhalamba. Mu nyimbo imodzi munali bambo wokalamba wovala suti yakuda ndi chipewa, m'manja ali ndi litchowa. Anamuzungulira amayi ovala zitenje zofanana, akumuvinira. Iye ankakupiza litchowa lija monyada, kenako n'kuyesa kuvina kwasakwasa, mwendo n'kuterereka, n'kugwa chagada m'matope, chipewa chikugubuduka. Dalaivala amene anatibweretsera anati nyimboyo ikunyoza mkulu wolemera amene akufunsira mtsikana wofanana ndi mdzukulu wake. Tinaionera yonse lezala ili m'manja. Zitenje zinali zofika m'mapazi.

"Iyi ndi yoyera," anatero a Twaibu. "Alhamdulillah, palibe chodula."

Masiku oyamba anthu ankaseka momasuka, monga umasekera munthu aliyense akagwa m'matope. Wokweza kuposa onse anali Lufeyo, msodzi wamtali wa mtima wabwino, amene kuseka kwake kunkamveka mpaka pa siteshoni. Koma patapita milungu, zinthu zinasintha. Pakhomo anthu anayamba kunong'ona kuti, "Mutiikire ya agogo ija." Kunayamba kubwera anthu amene sankalowa mwathu: makalaliki a ku njanji, aphunzitsi. Nkhalamba ikagwa, kuseka sikunkaphulikanso. Kunkamveka pansipansi, mapewa okha akugwedezeka, aliyense atayang'ana kutsogolo osafuna kuonana maso ndi mnzake. Apo m'pamene ndinazindikira chimene iwo ankaona. Dziko lonse linkadziwa munthu mmodzi yekha woyenda ndi suti yakuda, chipewa ndi litchowa, amayi akumuvinira.

Ndinawauza a Twaibu kuti anthu akuseka mwachilendo. 

"Ine ndikuona nkhalamba ya ku Zaire," anatero. "Iwe ukuona ndani?"

 Kenako anapukusa mutu n'kunena kuti Loweruka likadutsa tiichotsa.

Loweruka limenelo kunatentha kwambiri. Chionetsero cha masana chinadzaza mpaka ena anaima m'makoma. Nyimbo ija itangoyamba, chitseko chinakankhidwa. Analowa anyamata a chipani, aja ankaima pa geti la msika kufunsa makadi a umembala. Ena ananyamula mipini ya makasu, ena zidutswa za fanibelo, lamba wa injini ya galimoto. Mtsogoleri wawo anali Dafuleni, amene ndinaphunzira naye pulayimale. Anazula mabulangete m'mawindo, kuwala kunalowa, ndipo awiri anatseka chitseko n'kuima pamenepo.

"Zimitsa," anandiuza Dafuleni. Ndinaimitsa tepi.

A Twaibu anabwera kutsogolo manja ali pamodzi. "Bwana, tepiyi tinaiunika. Mulibe thalauza, mulibe ntchafu."

"Nanga nkhalambayo?"

"Nkhalambayo yatani, bwana? Ikufanana ndi ndani?"

Sindikudziwa ngati anafunsa mochenjera kapena mwamantha.  Dafuleni anatembenuka n'kulanda mpini kwa mnzake.

"Ukufuna nditchule ine?"

Anawamenya nawo pakhutu. A Twaibu anagwera pa benchi, kofia yawo inagwa, magazi anayamba kutsika m'khosi kulowa mu kanzu. Atayesa kudzuka, wina anawaponda pamimba, wina kumsana. Palibe anasuntha kuti awathandize. Inenso sindinasunthe.

"Bweza iyambe poyamba," anatero Dafuleni. Kenako anatembenukira kwa anthu. "Nonse muyang'ane kutsogolo. Wotsinzina ndiye kuti akudziwa kanthu. Woseka ndiye kuti akudziwa kanthu."

Ndinabweza tepi n'kudina batani. Nyimbo inayamba. Chifukwa cha kuwala chithunzi chinkaoneka mwachimbuuzi, koma aliyense ankachidziwa pamtima. Dafuleni anaima kutsogolo atafulatira sikirini, akuyang'ana nkhope imodziimodzi. Anyamata ake ankayenda pakati pa mabenchi. Magitala ankalira mokoma ngati masiku onse. Anthu anauma, thukuta likuyenderera, osalipukuta. Nkhalamba inakupiza litchowa. Inayamba kuvina. Mwendo unaterereka.

Lufeyo anaseka. Sikunali kuseka kwake kuja. Kunatuluka ngati ntchirichiri, iye atadzigwira pakamwa ndi manja onse, misozi ikutuluka. Anayesa kukumeza, kunabweranso.

Anamukoka pa kolala n'kumugwetsera pakati. Fanibelo ikamenya munthu imang'amba khungu. Anayamba ndi kumsana, malaya anathetheka, kenako anabwera a mipini. Iye anadzipinda n'kuphimba mutu, akungoti, "Sindinafune, akuluakulu, sindinafune." Mpini wina unamupeza pakamwa ndipo ndinaona mano akugwera pa simenti. Atasiya kulankhula anapitirizabe. Nyimbo inali isanathe, poti palibe anandiuza kuti ndizimitse.

"Bwezanso," anatero Dafuleni.

Ulendo wachiwiri mayi wina analira, ndipo anamuwomba mbama kuti akulirira ndani. Mphunzitsi wina anaimirira yekha n'kuloza kalaliki wa ku njanji. "Uyu ndi amene ankaseka kwambiri Lachinayi." Kalalikiyo analoza telala. Telala analoza mlamu wake. Anthu amene dzulo ankagawana fodya pa benchi imodzi anayamba kutchulana maina, aliyense akukweza mawu kuposa mnzake, ndipo wolozedwa aliyense ankalandira fanibelo.

"Bwezanso."

Deki inali itatentha moti sungaigwire. Ndinamva kulira kumene ndinkakudziwa, chithunzi chinapindika, n'kuzima. Inali itatafuna tepi.

"Wachita dala," anatero Dafuleni.

"Yatentha, achimwene. Imatero ikatentha."

"Ine si achimwene ako."

Awiri anandigwira n'kutambasula dzanja langa lamanja pa tebulo. Dafuleni anandiyang'ana m'maso, ndipo ndikukhulupirira kuti anakumbukira kuti tinakhalapo pa desiki imodzi, chifukwa anazengereza pang'ono. Kenako anaona kuti anzake akumuyang'ana. Mpini unatsika pa zala. Ndinamva kuthyoka ndisanamve ululu.

Nthawi yomweyo wina anaphwanya sikirini. Inaphulika ngati mfuti, magalasi anamwazika, ndipo anthu anathamangira kukhomo onse pamodzi. Chitseko chathu chinkatsekukira mkati. Akutsogolo anapanikizidwa pa chitsekocho, akumbuyo akukankhabe, mabenchi akugwa. Anyamata awiri olondera aja anapondedwa limodzi ndi ena onse. Mayi mmodzi wogulitsa nsomba anathyoka nthiti. Anthu anatulukira pa mawindo, akudzicheka ndi mafelemu, mpaka mpata unapezeka wotsekula.

A Twaibu ndi Lufeyo anawaponya mu lole n'kupita nawo ku boma. Ine anandisiya pansi pa tebulo. Mayi anga anandimanga zala ndi timitengo ta nsungwi, poti kuchipatala akanafunsa chimene chachitika. Mpaka lero zala zapakati sizipindika.

A Twaibu anabwerako dzinja litatha, ataonda, khutu limodzi litagontha. Za kumene anali sanasimbepo kwa aliyense, ndipo kanema sanayambirenso. Lufeyo anabwera m'bokosi lokhomedwa kale misomali. Akazi ake anauzidwa kuti anali malungo ndipo asatsekule. Pa maliro tinalipo ochepa. Mphunzitsi uja ndi kalaliki anakhala zaka akulambalalana pa msewu umodzi.

Zinthu zitasintha m'dziko muno ndinatsekula kanema wanga ku Salima boma. Tsiku lina masana ndinaona Dafuleni pa mzere wolowera, atakalamba msanga, atavala malaya ong'ambika paphewa. Analowa n'kukhala kumbuyo. Anthu atatuluka iye anatsalira, akuyang'ana dzanja langa. Panali funso limodzi limene ndinakhala nalo zaka zonsezo.

"Kodi tepi ija unaionerapo?"

"Ayi," anatero. "Ndinangouzidwa."

"Ngakhale tsiku lija? Inasewera kumbuyo kwako."

"N'chifukwa chake ndinaifulatira. Ndikanatembenuka n'kuseka, ukuganiza kuti anzanga aja akanandisiya?"

Sanapepese, ndipo ine sindinamuuze kuti ndamukhululukira. Anatuluka, ine ndinayamba kusesa.

Chimene ndinatenga pa ntchito imeneyo n'chakuti woonetsa kanema samaliza ntchito pamene waunika tepi. Chithunzi chikangotuluka mu deki sichikhalanso cha woimba kapena cha iwe. Anthu amachimalizitsa okha ndi zimene abwera nazo kuchokera kunyumba, zimene akuopa ndi zimene sangathe kunena, ndipo amene angakupweteke kwambiri ndi uja sanachione n'komwe. Anyamata onse amene ndawaphunzitsa ntchitoyi ndimawauza kuti azimvetsera momwe anthu akusekera, ndipo kuseka kukasintha asadikire Loweruka. Ndipo nyumba iliyonse imene ndaonetseramo kanema, ndisanalowetse ngakhale benchi imodzi, ndimayamba ndaitana kalipentala kuti atembenuze chitseko chizitsekukira kunja.