18 pa 20 ya ku Kasanda

Muli bwanji nonse.

Lero mdzukulu wanga Tisa wabwera ndi homuweki yosandutsa mafulakishoni kukhala maperesenti. Aphunzitsi anamuuza kuti agawe nambala ya pamwamba ndi ya pansi, kenako achulukitse ndi 100. Pofuna chitsanzo, ndatulutsa m'sutikesi pepala langa la mayeso la Giredi 6 ku Kasanda, nthawi ya chipani chimodzi. Linalembedwa 18 pa 20.

Tisa wawerengetsa, akuti, "Ambuya, munapeza 90 peresenti!"

A Lazaro akulu anga, mukukumbukira? Inu munabweretsa 60 peresenti. Atate atabwera kuchokera ku mgodi anati 60 iposa 18. Njinga ya mphotho anapatsa inu, ine ndinapitiriza kuyenda pansi.

Atate anamwalira osadziwa. Ndiye abale, weruzani: njinga ija inali ya ndani?