Asewele M'chifosholo cha Khemlal

Kumgodi wathu wa malasha ukafunsa kuti amayendetsa chikatapila chachikulu ndani, ngakhale mayi wogulitsa tiyi pageti adzakulozera Khemlal Mahto. Ndi kamunthu kakafupi, kamimba pang'ono, ndevu za pamlomo zotuwa, koma akakwera makwerero aja n'kukhala m'kachipinda kake kumwambako, phiri limamumvera. Ine ndine Somar, ndimayendetsa tipa, ndipo ndakhala ndikuima pansi pa chifosholo chake kuyambira tsitsi langa likadali lakuda. Ndimamudziwa bwino, ndipo ndinene poyera kuti munthu wouma mutu ngati ameneyu sindinamuonepo.

Khemlal anabadwira pamudzi umene lero ndi dzenje tikugwiramoli. Makolo ake atasamutsidwa, iye anayamba ntchito yopaka girisi, kenako anamuika pa timakina ting'onoting'ono, mpaka anadzamupatsa chilombo chenichenicho. M'chifosholo chake mokha mungalowe galimoto yaing'ono, ndipo dzino lililonse ndi lalitali ngati mkono wa munthu. Akatapa kangapo tipa yanga yadzaza, koma amathira mofatsa moti tiyi wanga m'kapu satayika. Anzake ena akamathira umangomva ngati akukugwetsera nyumba pamsana.

Asanakwere amayamba wazungulira makina onse wapansi. Amasuzumira pansi pa matcheni amene makinawo amayendera, amagwiragwira mapaipi a mafuta, amayang'ana khoma la malasha ngati lang'aluka. Kuno dzuwa likapsa anthu amakonda kugona pamthunzi wa makina, ndiye iye amazungulira ngakhale atangotsika kukataya madzi. Tinamupatsa dzina loti Mkwati, poti amazungulira chikatapilacho ngati mkwati wa kuno akuzungulira moto tsiku la ukwati. Asanatembenuke amaliza hutala, ngakhale pamalopo pasakhale ndi galu yemwe. Chifosholo sachidutsitsa pamwamba pa mutu wa dalaivala. Akatsika amachisiya chitagona pansi, kiyi ali m'thumba.

"Iwe Mkwati, tachita changu! Mkazi wakoyo sathawa!" timamukuwa ife a matipa titandanda pamzere.

"Mukuthamangira kuti? Malashawa akhala akukudikirani kuyambira agogo anu asanabadwe," amatiyankha, n'kupitiriza kuzungulira kwake.

Chaka chimenecho mtima wa Khemlal unali pa chinthu chimodzi, kukwatiwa kwa Sulekha, mwana wake wotsiriza. Mkazi wake Budhni anandipempha kuti ndikhale nkhoswe, ndipo ndinapeza mnyamata wabwino, Pradum, woyendetsa tipa mnzathu wa mumgodi momwemo. Sulekha atamuona sanakane, anangobisa nkhope akuseka. Vuto linali bambo a mnyamatayo, a Jhari Mahto, eni sitolo ya simenti mtauni, munthu woti akalowa m'nyumba amayembekeza kuti ndi makoma omwe aimirire. Ndinayenda maulendo ambiri kwa iwo mpaka nsapato zinatha.

Kuno bambo wa mwana wamkazi sakana kanthu. Asewele akati tiyi wazizira, umaphika wina. Akati dzuwa latulukira kumadzulo, umati inde bwana, nanenso ndaliona. Ndipo kufikira a kuchimuna atamudyetsa mtsikana chotsekemera ndi dzanja lawo, nkhani imakhala isanamangidwe, akhoza kutembenuka nthawi iliyonse. A Jhari anati abwera pa chikondwerero cha Vishwakarma, mulungu wa amisiri, adzaone ntchito ya Khemlal ndi maso awo, ndipo akakhutira akamanga nkhani kunyumba madzulo ake.

Tsikulo, abale inu! Chaka chonse mgodi ndi fumbi ndi phokoso, koma tsiku limeneli makina amapuma. Tinatsuka chikatapila kuyambira kumatcheni mpaka kunsonga ya mkono. Tinachiveka nkhata za maluwa achikasu, tinachipaka utoto wofiira pamphumi, mano onse tinawamanga timaliboni. Ng'oma zinalira, zimkuzamawu zinaphulitsa nyimbo, miphika ya mpunga wa mphodza inabwadamuka kuseri kwa ofesi. Ndi tsiku lokhalo pamene mageti amatsegukira akazi athu ndi abale, ndiye anabwera atatchena, masari, nsalu zawo zazitali, ofiira ndi obiriwira ali waliwali pakati pa malasha akuda. Khemlal anali atamanga yekha chingwe kuzungulira makina, kutali ndithu, kupitirira pamene mkono ungafike.

A Jhari anafika atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ang'ono awo awiri ali pambuyo, ndipo pambuyo pa onsewo mkazi wawo, mayi Panwa, atafunda sari kumutu. Mayiwa ndinali ndisanamvepo mawu awo, ngakhale ndinamwa tiyi wawo kambirimbiri. Khemlal anawathamangira, anagwira mapazi a asewele ake mwaulemu wa kuno, anawakhazika pamipando yakutsogolo. A Jhari anakweza maso kuyang'ana chilombo chija, ndipo ndinaona kuti chawalowa mumtima.

"Somar, zoona ndi kamunthu aka kamayendetsa chimenechi?" anandifunsa.

"Komweka, bwana. Ndi zala ziwiri."

"Eee! Ndiye tili ndi asewele ndithu."

Mtima wanga unavina. Ndinayang'ana Budhni kumbali ya azimayi n'kumugwedezera mutu kuti zatheka.

Wansembe atamaliza mapemphero anaswa kokonati pa dzino la chifosholo. Tsono pamgodi wathu pali mwambo wakuti zikatha izi, Khemlal amaliza injini n'kukweza chifosholo chopanda kanthu mpaka kumwamba, maluwa n'kumayoyoka, anthu onse n'kukuwa. Ndi chimene aliyense amabwerera. Khemlal anazungulira makina monga mwa masiku onse, anthu akumuseka, kenako anayamba kukwera makwerero.

Ali pamakwereropo, a Jhari anaimirira.

"Chikwere chopanda kanthu chifukwa chiyani? Anyamata, tiyeni!"

Ndinkayesa nthabwala. Ndisanatsegule pakamwa, akuluakulu atatu aja anali atapondereza chingwe pansi, akuthamanga atanyamula nsalu zawo m'manja. Anakwera pakati pa mano n'kulowa m'chifosholo. Munthu akakhala m'kachipinda kumwamba kuja saona za m'kati mwake chikagona choncho. Injini inabangula, nthaka inanjenjemera, hutala analira. Gulu lonse linapenga ndi chimwemwe, mafoni ali m'mwamba, ng'oma zikukulirakulira.

"Kweza! Kweza! Akweze asewele!"

Nanenso ndinakuwa nawo, ndisaname, chifukwa zinali zokoma. A Jhari anali atakweza manja ngati phungu wopambana chisankho.

Mkono sunasunthe. Anthu anakuwa kwambiri, sunasunthebe. Kenako injini inazima, ndipo tinaona Khemlal akutsika, kiyi ali m'dzanja. Anandiuza pambuyo pake kuti asewele akewo sanawaone n'komwe. Anangoona chingwe chake chili pansi, ndiponso maso a anthu onse ali pa chifosholo, osati pa iye.

Anafika kutsogolo, anasuzumira, anapeza nkhope zitatu zikumumwetulira.

"Asewele, mwatsikiranji?" anatero a Jhari. "Bwererani mutikweze. Anthu akudikira."

Khemlal anaphatikiza manja pachifuwa. "Bwana, ndikupempha, tulukanimo. Mukakhala pampando paja mudzaona bwino kwambiri."

"Ndaona kale za pampando. Ndikufuna ndione tauni yonse ndili kumwamba. Mukuopa chiyani, ndine wolemera kuposa malasha?"

Anthu anaseka, koma Khemlal sanaseke nawo.

"Malasha akagwa timatapa ena, bwana. Mkono uwu umagwiridwa ndi mafuta a m'mapaipi. Ndinaonapo paipi ikuphulika, chifosholo chinatsika ngati mwala, panalibe wochigwira. Ndiponso inu mukakhala umu ine sindikuonani. Dzanja langa litangogwedezeka pang'ono, mwagwera pa mano awa. Ndipempheni china chilichonse."

"China chilichonse? Ndakupemphani ichi."

Ng'oma zinayamba kuleka imodziimodzi. Ndinadumpha chingwe n'kumukokera Khemlal pambali.

"Achimwene, zafika pa mwana wakana phala," ndinamunong'oneza. "Akwezeni pang'ono pokha, kufika m'chiuno basi, ajambulidwe, atsike. Ndani amwalire ndi zimenezo?"

"Ayi, Somar."

"Taonani Sulekha uko! Mukufuna akalambire pakhomo chifukwa cha mutu wanu woumawu?"

Anayang'ana. Sulekha anali kuseri kwa chingwe atagwira dzanja la amayi ake, ndipo Budhni anali atayamba kale kulira. Khemlal anayang'ana kiyi m'dzanja lake. Ndinkayesa kuti wagonja. Koma anaika kiyi uja m'thumba la malaya n'kumanga batani.

"Bwana," anatero atabwerera kwa a Jhari, mawu ali pansi, "nyumba yanga ndi yanu, mutu wanga uli pamapazi anu. Koma munthu m'chifosholo ine sindikweza."

Nkhope ya a Jhari inachita mdima. "Mukundikaniza? Pamaso pa anthu onsewa? Ukwati usanachitike mwayamba kale kundikaniza, nanga mwana wanu akadzalowa m'nyumba mwanga adzatani?"

Anatuluka mwaukali, osalola kuti wina awagwire dzanja. Potsika nsalu yawo yoyera inakodwa pa dzino, inang'ambika, ndipo kumbuyo konse kunali utoto wofiira ndi girisi. Wina kumbuyo kwa gulu analephera kudzigwira, anaseka, ena n'kutsatira. Apo ndiye ndinadziwa kuti nsapato zanga zinathera pachabe. Ndinakwiya ndi Khemlal moti ndikanatha kumuluma.

"Pradum! Tiye kunyumba! Atsikana sanathe m'dziko muno!" anakuwa a Jhari akulunjika kugeti, ang'ono awo akuwatsatira. Pradum anaima pakati, akuyang'ana uku ndi uku. Atayenda pang'ono, a Jhari anatembenuka. "Amake Pradum, wagona pampandopo?"

Mayi Panwa anaimirira, koma sanalowere kugeti. Anayenda mpaka pachingwe n'kuima pomwepo, osachidumpha. Anakweza sari pang'ono kuchoka kumaso.

"Bambo a Sulekha, tabwerani kuno."

Khemlal anapita atazolika.

"Mwana wanga akabwera ndi tipa yake, amaima pati?"

Khemlal analoza. "Apo, mayi, pambali pa matcheni."

"Ndiye chinthu ichi chimakhala pamwamba pake, chitadzaza miyala?"

"Pamwamba pa tipa, mayi. Pamutu pake sindichidutsitsa."

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse limene tili limodzi pantchito."

Mayiwo anakweza maso, anayang'ana mkono uja kuyambira pansi mpaka kunsonga. Anayang'ana nthawi yaitali.

"M'mawa uliwonse akatuluka pakhomo ine sindidya mpaka atabwera," anatero. "Sindinkadziwa kuti kumwambako kumakhala ndani." Kenako anatembenukira kwa Khemlal. "Nanga nditakupemphani ine, mayi wake wa mkamwini wanu, kuti mundikweze?"

"Ndingakukanizeninso, mayi. Mundikhululukire."

"Amake Pradum!" anabangula a Jhari ali pageti.

Mayi Panwa sanacheuke. Anapita kwa wansembe, anatenga kampira kamodzi ka ladu, chotsekemera chathu, m'mbale ya nsembe, n'kuyenda pakati pa azimayi, iwo akuwapatukira. Anaima pamaso pa Sulekha.

"Yasamula, mwana wanga."

Sulekha anayang'ana amayi ake, anayang'ana kugeti, kenako anayasamula, misozi ikutsika, mayi Panwa n'kumudyetsa ndi dzanja lawo. Azimayi anakuwa onse pamodzi, woimba ng'oma wina anamenya ng'oma yake ngati akufuna kuiboola, ndipo mgodi wonse unaphulikanso. Pradum anathamanga kukagwira mapazi a Khemlal. Ine ndinavina, ndi mimba yangayi, mpaka chisoti chinagwa.

Ukwati unachitika mpunga utakololedwa. A Jhari anabwera, poti akanapanda kutero anthu akanawaseka kawiri, koma anadya atafulatira. Mpaka lero sanamwepo tiyi kwa Khemlal, ndipo akakumana pamsika amayang'ana kumbali. Khemlal zimamupweteka, amandiuza, chifukwa iye si munthu wokonda chidani.

Koma tsiku lija mwambo unali usanathe, ndipo anthu anayambanso kukuwa kuti chifosholo chikwere. Khemlal anamanganso chingwe chake, anasuzumira m'chifosholo, anazungulira makina. Atafika pamakwerero anagwira chitsulo n'kuima. Ndinamuona akuchedwa, ndinapita.

"Mwatani, achimwene? Kwerani, anthu akudikira."

Nkhope yake inali yonyowa, ndipo manja amene amanyamula phiri osataya tiyi wanga ankanjenjemera.

"Uwauze adikire, Somar. Manja ali chonchi sindingagwire makina," anatero. Anakhala pansi pa fumbi, anatsamira tcheni, n'kuyang'ana kumene Sulekha ankapukutidwa misozi ndi apongozi ake. "Ndinayesa ndamuphera ukwati mwana wanga."