Ba Mukatimui, Oluka Tsitsi a ku Maramba

Foni inkanjenjemera pa simenti, n'kusiya, n'kuyambanso. Unali usiku, anthu onse atagona. Ndinadzuka n'kupeza mwana wanga atakhala pakona, akuwerenga, misozi ili mbwembwembwe.

Ndinamubereka ndili giredi 10, n'kumutcha Brian. Chaka chatha, ali ndi zaka 15, anandiuza kuti mumtima mwake ndi mtsikana, ndizimuitana Keziah. Sindinamvetse zonse, koma ndinavomera. Kenako mnzake wa kusukulu anaika pa intaneti chithunzi chake atavala diresi langa. Anthu osamudziwa n'komwe anayamba kumutukwana, ena kufunsa kuti nyumba yathu ku komboni ya Malota ndi iti. Iye ankawerenga zonse. Anasiya kudya. Ine ndinachotsa mankhwala a makoswe m'nyumba.

Amene anandibwezera mwana ndi Ba Mukatimui, oluka tsitsi mu msika wa Maramba. Kwawo ndi ku Sesheke. Poyamba ankagulitsa ziboliboli ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, koma akuti ntchitoyo inawakana chifukwa ankangocheza ndi alendo mpaka kuiwala kuwagulitsa. Akaseka, ogulitsa kapenta kutsidya amaseka nawo osadziwa nkhani. Mu saluni mwawo muli lamulo limodzi: wolowa aliyense aike foni m'chitini cha pakhomo. Amati mutu ukaweramira foni, mzere wa tsitsi umapindika.

Tsiku loyamba ndinapita kukalukitsa tsitsi langa, n'kutenga mwanayo chifukwa ndinkaopa kumusiya yekha.

“Uyu ni ndani?” anandifunsa.

“Keziah,” ndinatero.

Anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. “Keziah, onetsa manja. Iyee, zala zitali so uzionongela pa foni? Faka mu chitini, ubwele unigwilile uku.”

Tsiku limenelo dzanja lake linkangopita m'thumba lopanda kanthu. “Muli nsabwe mmenemo?” ankamuseka Ba Mukatimui. Pofika madzulo Keziah anali ataluka mizere itatu yokhota ngati msewu wa ku Malota, ndipo anadya zitumbuwa zinayi ine ndikuona.

Anayamba kupitako akaweruka kusukulu. Tsiku lina mayi wina ali pampando anamuyang'anitsitsa pagalasi.

“Uyu si uja wa pa foni?”

Ba Mukatimui anaika chipeso pansi. “Ni mwana wanga wa pa nchito. Manje mami, tisilize olo muyende na mutu hafu?”

Mayiyo anadziyang'ana, mbali imodzi yolukidwa, ina ili nyankhalala, n'kuphulika kuseka. “Silizani, Ba Mukatimui, munganichititse manyazi mu taxi!”

Otukwana aja sanathe, ndipo ine ndimadikirabe pamsewu mpaka mwana atafika. Koma masiku ano amabwera manja atatopa, akununkha mafuta a tsitsi, akuimba. Nthawi zina foni amaiiwala m'chitini mpaka m'mawa.

Sabata yatha Ba Mukatimui anandikokera kuseri. Mwana wa mng'ono wawo akukwatiwa, ndipo Loweruka kuli kicheni pate, phwando la akazi okhaokha, onse a pabanja atavala chitenje chofanana.

“Nagula na cha Keziah,” anatero.

“Koma banthu bazakamba,” ndinanong'ona.

“Bakambe. Nizabwela kumutenga neka m'mawa, azankhala pafupi na ine. Mutu wa mkwatibwi tizaluka babili.”